A Makwinja ankafuna tiziwauza maliro

Linali Lachiwiri la sabata yomwe tinayamba kukumba mtedza, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, pamene a Gondwe, anamwino a pachipatala chathu, anatuluka pakhonde n'kutiuza kuti adokotala athu, a Makwinja, anamwalira. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa bambo wina amene anakhala pafupi nane anali atangoyang'ana pa foni yake n'kudandaula kuti adokotala sanachedwepo chonchi. Tinali titakhala pa mabenchi awiri aja kuyambira dzuwa likutuluka, odwala khansa ndi owadwazika awo, ndi ine amene sindidwala.

"Amwalira liti?" ndinafunsa.

"Loweruka masana," anatero a Gondwe, maso ali pansi. "Anangogwa pakhomo pawo akupopa njinga. Thupi linanyamuka Lamulungu kupita kwawo ku Phalombe. Anaika dzulo."

Palibe analira. Mayi wina wa kwa Zulu, amene ankabisa chotupa cha pansagwada ndi chitenje, anafunsa chapansipansi kuti nanga mankhwala atipatsa ndani. A Gondwe anati tidikire kaye akafunse. Ine ndinangoyang'ana chitseko chobiriwira cha chipinda cha adokotala. M'mawa wonse tinali tikudikira munthu amene anagona kale m'manda. Zaka zonse ankatipempha chinthu chimodzi chokha, kuti tiziwauza maliro, koma maliro awo palibe anatiuza.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, za udokotala sindizidziwa. Ndilemba zimene ndinaona.

A Makwinja anali dokotala wa odwala khansa osagonekedwa, aja amabwera m'mawa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Masiku ena ankathandiza kumbali zina za chipatala, koma Lachiwiri linali lathu. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde, kuseri kwa malo ochapira, ndipo kale ankasungiramo matiresi otha. Anthu ankachokera ku Mkanda, kwa Zulu, kwathu kuno cha ku Guilleme, ena mpaka kutsidya kwa malire, pa njinga, pa ngolo, pa kabaza. Mmene ine ndinkawadziwa n'kuti atapuma kale pa ntchito n'kubwereranso, chifukwa chipindacho panalibe wina wochifuna.

Anali aatali, owonda, imvi mutu wonse. Mwendo umodzi wa magalasi awo unali womanga ndi waya. Gauni loyera lija ankalipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, amati anthu akumudzi akaliona amachita mantha n'kuyamba kunama kuti akupezako bwino. Asanakhudze wodwala ankayamba atikita manja awo kuti afunde. Mabala a khansa amanunkha, amene anadwazikapo akudziwa, moti ngakhale mwana wobereka wekha amaimira pakhomo. Iwo ankatsuka okha, osatseka mphuno, uku akufunsa mwini balayo ngati kwawo mvula yagwa. Funso lawo loyamba silinali lakuti mukumva bwanji. Ankafunsa kuti mwabwera pa chiyani, ndipo mubwerera pa chiyani. Jakisoni wina amafooketsa kwambiri, choncho munthu woti akakhala pa keriyala ya njinga maola atatu ankamubaya koyamba, n'kumugoneka pamthunzi mpaka dzuwa lipendeke.

Kuseri kwa chipindacho anadzala nandolo. Ife kuno nandolo sitim'lima kwenikweni, ndiye anthu ankawaseka kuti Mlomwe wasamuka ndi munda wa kwawo. Iwo ankabweza kuti munthu wa ku Mchinji akadzafika kumwamba, asanapereke moni adzayamba wafunsa ngati kumeneko mtedza umachita bwino.

Wodwala aliyense ankamuperekeza mpaka pa geti, ngakhale mzere utalike chotani. A Gondwe ankakangana nawo sabata iliyonse kuti nthawi ikutha, iwo osamva. Akafika pa geti ankasiya wodwala atsogole pang'ono, n'kukokera pambali womudwazika. Ngati anali wodwala woti sachira, mawu anali omwewo kwa aliyense: akadzatisiya, mudzandiuze.

Ankati dokotala wa mu wodi ali ndi mwayi chifukwa amaona mapeto. Wodwala akachira amadzatsanzika, akamwalira achibale amalira iye akumva. Koma odwala awo iwo amangosiya kubwera. Pa benchi pakakhala mpata, sudziwa ngati njinga yathyoka, ngati mtsinje wadzaza, ngati apita naye kwa sing'anga ku Zambia, kapena ngati pamanda pamera kale udzu. N'chifukwa chake akamayenda n'kupeza masamba pamsewu, sankangotsika njinga n'kukankha monga timachitira tonse podutsa pamaliro. Ankaimika njingayo n'kufunsa dzina la womwalirayo ndi chimene chamutenga.

Sindinganame kuti anali ofatsa. Anali a mtima wapachala. Tsiku lina kunabwera bambo wina wovala bwino, amene mkazi wake ankadwala khansa ya khomo la chiberekero. Anadzafunsa ngati matendawo amapatsirana, koma tonse pa benchi tinkadziwa kuti akufuna chifukwa chokatengera mkazi wina.

"Mkazi wanu mwamuperekezapo kangati kuno?" anafunsa a Makwinja.

"Ndimatanganidwa ndi fodya, adokotala."

"Ndiye kafunseni fodyayo."

Anakanganapo ndi mlaliki wina amene ankauza anthu kuti ataye mankhwala ngati ali ndi chikhulupiriro. Anamuuza pamaso kuti Mulungu si wogontha, munthu atha kupemphera botolo lili m'manja n'kumvedwa. Ine ukali wawo ndinaulawa pakhomo panga, abale a amuna anga akuona. Nkhani yake ndi iyi.

Amuna anga, a Filipo, bambo a Tiyanjane, anayamba ndi kutsamwa. Nsima inkawaima pakhosi, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi ankabwerera. Anatitumiza ku Lilongwe, kumene anatiuza kuti chotupa cha kum'mero chakula, tibwerere kwathu. Ndi mmene tinafikira pa benchi la a Makwinja. Iwo sanatinamize. Anati kuchiza sangathe, koma ululu atha kuuletsa. Anatipatsa botolo la mofini, mankhwala amadzi oletsa ululu amene ndinkawadonthezera pansi pa lilime, lokwana masabata awiri.

Awiriwa anazolowerana msanga. A Filipo, mawu atawathera kale, ankanong'ona kuti, "Adokotala, nandolo wanuyu akacha woyamba kudya ndine." A Makwinja ankati, "Yambani mwameza malovu, achimwene, nandolo sathawa." Ankaseka onse, ine ndikuyang'ana kumbali. Atafooka kwambiri ndinkapita ndekha ndi kabuku kawo ka kuchipatala kukatenga botolo. Pa geti anandiuza mawu aja, ine ndinavomera.

A Filipo anatisiya Lachinayi lina mvula ili pakati. Uthenga unapita konsekonse, kwa amfumu, kutchalitchi, kwa abale a ku Lilongwe ndi a kutsidya kwa malire. Ndili m'nyumba ya siwa ndinaitanitsa a Jeremiya, amalume awo a malemu, amene ankayendetsa mwambo wonse.

"Pali adokotala aja," ndinatero. "Anati tidzawauze."

"Adokotala ndi abale anu, mayi a Tiyanjane?" anandifunsa. "Uthenga wa maliro umapita kwa abale. Munthu wakupatsani mankhwala miyezi isanu, inu mukamuuze kuti wodwala uja wafa? Ndiye kuti mukumuuza chiyani? Kuti mankhwala ake ndi achabechabe? Kapena kuti wapha ndi iyeyo? Musatichititse manyazi."

Ndinaona ngati akunena zoona. Ndinalinso ndi manyazi anga, ngati kuti tawononga mankhwala pa munthu woti sanachire. Komanso namfedwa sangoyendayenda. Uthengawo sindinatumize.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti mwezi umenewo mofini anabwera wochepa kuchipatala. A Makwinja anapatula botolo limodzi, anamata pulasitala n'kulembapo dzina la a Filipo. Lachiwiri loyamba sindinaoneke, iwo anati mwina mtsinje wadzaza. Foni tinalibe, nambala imene tinalembetsa inali ya mnansi ndipo sinkagwira. Lachiwiri lachiwiri sindinaonekenso. Tsiku limenelo kunafika mochedwa mayi wina wa ku Mkanda, dzina lake Esinati, wa khansa ya m'bere, atagona pa ngolo. Mabotolo onse anali atatha, litatsala la a Filipo lokha. A Gondwe amati adokotala analitenga m'manja, analiyang'ana, n'kulibwezera pa shelefu. Anaganiza kuti Esinati atha kumeza mapiritsi, pamene a Filipo sangameze kanthu. Anam'patsa mapiritsi wamba n'kumuuza abwerenso sabata yamawa.

Loweruka lake anapalasa njinga kubwera kwathu, botolo lili m'chikwama. Masamba a pamsewu anali atauma kale n'kuchotsedwa, choncho palibe chinawachenjeza. Anandipeza pakhonde ndikusadzula nkhwani. Matope anali atawafika m'maondo. Odi sananene. Anayang'ana nsalu yakuda imene ndinavala, anayang'ana mutu wanga wometa.

"Liti?"

"Lachinayi, masabata awiri apitawo."

Anatsegula chikwama, anatulutsa botolo lija n'kuliika pansi, pakati pa iwo ndi ine. Dzina la amuna anga linali pomwepo. A Jeremiya anabwera akuthamanga ndi mpando.

"Takulandirani, adokotala. Khalani apa."

"Sindikhala. Mayi, pa geti paja ndinakupemphani zinthu zingati?"

"Chimodzi."

"Ndinakupemphani nkhuku? Ndinakupemphani mtedza?"

"Ayi."

"Pepani adokotala, wolakwa ndine," anatero a Jeremiya. "Tinaopa kukulakwirani. Kwathu kuno wopereka mankhwala sauzidwa kuti wodwala wafa. Ndi chipongwe."

"Chipongwe!" anakuwa a Makwinja, mpaka nkhuku zinathawa. "Bambo, ine ndinadziwa tsiku loyamba kuti a Filipo adzafa, ndipo ndinawauza eniake. Inu mumayesa mukundibisira chiyani? Botolo ili lakhala pa shelefu masabata awiri likudikira munthu wakufa. Lachiwiri lapitali ndabweza mayi akulira ngati khanda, ndamubweza pa ngolo mpaka ku Mkanda, botolo lili kumbuyo kwangaku. Ulemu wanuwo mukam'patse iyeyo amwe."

Anthu anali atayamba kusonkhana kuseri kwa nkhokwe. A Jeremiya anangoima ndi mpando wawo m'manja. Ine ndinayang'ana botolo lija, manja anga ali mu nkhwani. Patapita nthawi a Makwinja anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kunena motsitsa mawu kuti tikawaonetse pamene a Filipo agona.

Kumanda salowako wamba, koma a Jeremiya anakapempha n'kutitsogolera. Nkhata za maluwa zinali zitavunda ndi mvula. A Makwinja anavula chipewa.

"Anamva ululu?"

"Ayi. Mankhwala analipobe. Anapita ali m'tulo."

"Anali ndi ndani?"

"Ine ndi Tiyanjane. Mutu unali pamiyendo panga."

Anapuma mpweya wautali. "Ndizo ndimafuna kumva, mayi. Pantchito yangayi palibenso china chimene ndimakolola."

Chakudya anakana. Anatola botolo lija n'kubwerera. M'mawa mwake, Lamulungu, sanapite kutchalitchi, anapalasa kulowera ku Mkanda. Polowera m'mudzi mwa Esinati anapeza masamba aawisi pamsewu. Anali atamwalira Loweruka m'mawa. Anansi anati analira masiku anayi, kumveka mpaka ku mjigo. Botololo silikanam'chiza, koma akanapita mwakachetechete ngati amuna anga. Izi a Makwinja sanandiuzepo mpaka kufa kwawo. Anandiuza ndi a Gondwe.

Patatha mwezi ndinapita kuchipatala ndi botolo lakale lopanda kanthu. Ndinadikira mzere uthe, ndinalowa, ndinagwada.

"Dzukani, Anabanda, pansi m'pakuda," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula mfunda wanga.

"Njinga ya malemu ikungokhala," ndinatero. "Amene asiya kubwera, munditchulire maina ndi midzi yawo. Ndizikafunsa ine."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. Kenako anang'amba kachidutswa ka katoni ya mankhwala n'kulembapo maina awiri ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndithe kuwerenga.

Ntchito imeneyo ndinaigwira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikapeza mpata kumunda ndinkapalasa, n'kukafika pakhomo la eni ake ngati mlendo wamba. Ena ndinkawapeza amoyo, angosowa wowakweza pa njinga. Ambiri ndinkapeza pakhomo pali zii. Lachiwiri mzere ukatha ndinkalowa, iwo n'kutseka chitseko, n'kundifunsa mafunso atatu omwewo pa dzina lililonse. Liti? Anamva ululu? Anali ndi ndani? Ndikanena kuti wapita bwino, ana ake ali pambali, ankagwedeza mutu ndipo tsiku limenelo ankapita kunyumba akuimba mluzu. Ndikanena kuti botolo linatha masiku atatu asanamwalire, kapena kuti anam'peza yekha m'nyumba, ankatuluka kukapalira nandolo, ngakhale mulibe udzu. Kamodzi ndinayesa kuwanamiza kuti ndiwapepuze. Anandigwira pomwepo.

"Anabanda, mukanama mumayang'ana msomali uwo. Nenani zoona. Zabodza ndimamva zokwanira kwa odwala."

Chaka china anawatumizira wothandiza, dokotala wachitsikana wochokera kumene kusukulu. Anali waluso, manja opepuka, ndipo odwala anamukonda. A Makwinja anasintha, anayamba kubwera atasita malaya. Ankamuonetsa chilichonse, mpaka midzi imene misewu yake imaduka mvula ikagwa. Mtsikanayo anakhala miyezi inayi. Tsiku limene ananena kuti akuchoka ine ndinali pa benchi panja, chitseko chili chotsegula pang'ono.

"Bambo, ine ndinaphunzira kuti ndizichiza anthu. Kuno ndikungogawa mabotolo n'kumatsuka mabala. Amabwera matenda atafika kale kumapeto. Ndikawatumiza ku Lilongwe sapita, akuti n'kutali. Kunyumba chakudya sichikulowa, ndikumangomva fungo la muno."

"Ndiye mukufuna atsuke ndani?"

"Inu simutopa?"

"Ndinatopa musanabadwe."

Anam'kalipira kwambiri tsiku limenelo, mpaka mtsikanayo anatuluka akulira. Koma kalata yomuchitira umboni anamulembera yabwino, ndipo anam'perekeza mpaka pa geti monga ankachitira ndi odwala. Pobwerera anakhala pafupi nane pa benchi. Anati mwanayo sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo akanakhala mwana wawo akanamuuza achoke mwezi woyamba. Wina sanabwerenso.

Nthawi ina tikusenda nandolo pakhonde odwala atapita, ndinalimba mtima.

"Adokotala, kodi ntchito imeneyi imakukomerani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati pa zaka zonse zimene akhala m'chipindamo, anthu amene anawaona atachira ndithu sangadzaze mabenchi awiri aja. Anandikumbutsa za bambo wina wa kwa Zulu amene anabwera miyendo itatupa ngati mitondo, yodzaza zilonda zakuda, ndipo patatha miyezi ya jakisoni anatulukira atavala nsapato. Tsiku limenelo ndinalipo. A Makwinja anamuyendetsa pakhonde kawiri, kupita ndi kubwera, akuitana anamwino ndi ochapa kuti adzaone nsapatozo.

"Tsiku lija linandikomera," anatero. "Koma munthu sakhuta ndi tsiku limodzi, Anabanda. Kukhutira ayi, sindikhutira. Mankhwala amabwera lero, mawa kulibe. Ndikupereka zimene zilipo, osati zimene zikufunika. Anzanga amene ndinaphunzira nawo akakumana amakamba za anthu amene anawapulumutsa. Ine ndikambe chiyani? Kuti uje anafa osakuwa?"

"Nanga mukukhaliranji? Ana anu akukuitanani kwanu."

Mayi akunyumba kwawo anali atamwalira kale, ndipo ana awo ankaimba foni kawirikawiri kuti abwerere ku Phalombe akapume.

"Ndikachoka abwezeramo matiresi muno," anatero. "Chimene ndimaopa n'chakuti munthu adzachoke ku Mkanda pa ngolo, adzafike pano, adzapeze chitseko chotseka. Chikundisunga pano ndi mantha amenewo. Musadzauze anthu kuti chinali chikondi."

Chaka chomalizachi anatopa zooneka. Manja anayamba kunjenjemera, moti jakisoni ankabaya ndi a Gondwe, iwo atangogwira dzanja la wodwala. Kuperekeza sanasiye, koma pobwerera ku geti ankaima kawiri kuti apume. Mluzu uja unatha. Nthabwala za mtedza zinatha. Kalata zopempha wina wodzalowa m'malo mwawo ankalembabe, n'kumandionetsa asanatumize ngati kuti ine ndingawonjezepo kanthu.

Lachiwiri lomaliza ndinabwera ndi maina atatu. Loyamba linali la mphunzitsi wina wa khansa ya m'chiwindi. Ndinanena tsiku, ndinanena kuti mankhwala anam'thera, ndinanena kuti mkazi wake anali atapita kukafuna galimoto. Nditatsegula pakamwa kuti nditchule lachiwiri, anakweza dzanja.

"Basi, Anabanda. Lero ndamva zokwana. Enawo mudzandiuze sabata yamawa."

Zaka zisanu ndi chimodzi sanandiletsepo chomwecho. Ndinapinda kakatoni kaja n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Awiri otsalawo onse anapita bwino, wina ana ake akumuimbira nyimbo za kwaya. Ndikanayamba ndi amenewo. Ndinayamba ndi mphunzitsi chifukwa ndi amene analembedwa pamwamba.

Tsopano papita miyezi isanu. Chitseko chobiriwira chija chili ndi loko. Ukasuzumira pa windo umaona matiresi ataunjikidwa mpaka kudenga, ndipo kuseri kwa chitseko msomali uja ulipo wopanda gauni. Mabenchi awiri anawasamutsira kusikelo ya ana. Nandolo anachita maluwa ambiri chaka chino, koma mbuzi zitamasulidwa zinadya mpaka makungwa, kwatsala timitengo toyera. Mofini akapezeka, a Gondwe amapereka pa windo la kumalo olandirira mankhwala. Amayesetsa, koma ali ndi mawodi awiri owadikira, sangafunse munthu kuti wabwera pa chiyani. Ofuna jakisoni amauzidwa kuti apite ku Lilongwe. Mayi wa kwa Zulu wa chotupa cha pansagwada uja sanapite.

Sabata yachiwiri a Makwinja atamwalira, ndinapeza ngolo itaima pa geti. Inachokera ku Mkanda, munali agogo aamuna atafunda bulangeti, ndipo mwana wawo wamkazi anali akugogoda pa chitseko chija. Za imfa ya adokotala anali asanamve. Ndinawauza ndine.

Kuyambira tsiku limenelo Lachiwiri kuchipatala sindipitanso. Kakatoni ka maina awiri otsala aja kali m'Baibulo la a Filipo. Lachiwiri lililonse ndimadzuka m'mamawa, ndimapopa njinga, ndimapita ku mudzi umodzi mwa midzi ya odwala awo. Ndimatsika, ndimaodira, ndimakhala pansi, n'kunena monga timanenera za m'bale, kuti a Makwinja anatisiya Loweruka masana, sanamve ululu nthawi yaitali, ndipo anali okha. Makomo ena ndimapeza woti ndimuuze kulibenso, ndiye ndimauza amene atsala. Kwathu kuno ndamaliza, kwa Zulu ndamaliza. Kwatsala midzi isanu ndi umodzi ya ku Mkanda, ndipo ndikufuna ndiimalize mvula isanagwe.